Tifunseni: Timipira tobiriwira ta m'zithaphwi ndi ndere zina zokhala m'magulu

Mvula ikangokhazikika, makalata ofunsa za madzi obiriwira amachuluka. Mwezi uno tasankha okhudza ndere za m'madzi opanda mchere, makamaka zomwe maselo ake amakhala pamodzi m'timagulu. Makalatawo tawafupikitsa.

Ndinatunga madzi a m'chithaphwi cha kudambo m'botolo loonekera mkati. Nditaliyang'ana padzuwa ndinaona timadontho tobiriwira tikugubuduka tokha. Kodi ndi tizilombo kapena zomera?
*Wophunzira wa Fomu 3, Ntcheu*

Malinga ndi mmene mwafotokozera, mwaona Volvox, ndipo funso lanuli linazunguzapo mitu ya anthu ophunzira kwambiri. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Netherlands, analemba za timadonthoti mu 1700. Carl Linnaeus potipatsa dzina mu 1758 anatiika m'gulu la nyama, poona kuti timayenda. Komatu ndi ndere. Timapanga tokha chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, tili ndi chlorophyll (chobiriwitsa masamba) wa mitundu iwiri yomwe ilinso m'tsamba la chimanga, a ndi b, ndipo chakudya chotsala timachisunga ngati sitachi.

Kadontho kalikonse ndi kampira kodzaza ndi zoterera zoonekera mkati. Maselo ali pakhungu pokha, osasanjikizana. Mitundu ing'onoing'ono ili ndi maselo pafupifupi 500, ikuluikulu imafika 50,000, ndipo kampira kokhwima kamakula theka la milimita mpaka milimita imodzi. Pafupifupi selo lililonse lili ndi timichira tiwiri toloza kunja ndi kadontho kofiira komva kuwala. Kampirako kali ndi kutsogolo ndi kumbuyo: timadontho tofiira ta kutsogolo n'tatikulupo. Kakamasambira kamazungulira, ndipo maselo amene afika mbali yowala amasintha kapalasidwe ka timichira tawo kwa kanthawi, ndiye kampira konse kamakhotera komwe kukuchokera kuwala. Palibe ubongo kapena mtsempha wolamulira zimenezi, selo lililonse limangochita zake.

Mtundu wofufuzidwa kwambiri ndi Volvox carteri. Uli ndi maselo ang'onoang'ono pafupifupi 2,000 ogwira ntchito yopalasa basi, omwe sabereka, ndi maselo akuluakulu pafupifupi 16 opanda timichira, omwe ntchito yawo ndi kubereka. Selo lalikulu limagawikana maulendo 11 kapena 12 motsatizana, kenako kugawikana kumatheratu. Apa ndiye pagona nkhani ya ndere zambiri za m'magulu: mwana amabadwa maselo ake atakwana kale. Kukula kwake konse kuchokera pamenepo n'kongotulutsa zoterera zija, zomwe pomaliza zimatenga malo oposa magawo 99 pa 100 a kampira. Gulu lotere, lokhala ndi chiwerengero cha maselo chokhazikika kuyambira pobadwa, asayansi amalitcha coenobium.

Pali chinthu china chodabwitsa. Kugawikana kukatha, mwanayo amakhala chagada, mbali yomera timichira italoza mkati. Kuti athe kusambira amadzitembenuza yense, zamkati kubwera kunja, kudzera pakabowo ka mbali imodzi, ndipo zimatenga nthawi yosapitirira ola limodzi. Timipira tating'ono tobiriwira kwambiri timene mungaone mkati mwa kampira kakakulu ndi ana amenewa. Akakhwima amaboola khungu la kholo n'kutuluka, ndipo maselo opalasa a kholo amafa. M'labotale, pa madigiri 32 ndi kuwala kwa maola 16 pa tsiku, m'badwo umodzi umatenga maola 48.

Ndikufuna ana aone ndere zamoyo, osati zojambula m'buku zokha. Tili ndi maikulosikopu awiri. Tikaika dontho la madzi a m'dziwe sitiona kanthu, kapena timangoona zinyenyeswa zobiriwira. Tikulakwitsa pati?
*Mphunzitsi wa Biology, Dowa*

Aphunzitsi, mavuto ndi awiri: m'dontho lanulo ndere n'zochepa, ndipo zomwe zilimo zikuphwanyika.

Yambani ndi malo. Madzi oyenda a mumtsinje sakupatsani zambiri. Pitani pa madzi odekha, osaya, owombedwa ndi dzuwa: zithaphwi za kudambo, maenje oumbira njerwa, madamu a nsomba, m'mbali mwa minda ya mpunga. Madzi otere ndi omwenso mumakhala nkhono za likodzo, choncho ana asalowemo. Mangirirani chitini kunsonga ya ndodo n'kutunga muli kumtunda. Sefani malita 10 pansalu yolukana kwambiri ya nayiloni, kenako tsukuluzirani zotsalira pansaluyo m'madzi a pomwepo okwana theka la kapu. Nsalu wamba imagwira Volvox ndi timagulu tina tikulutikulu, koma ting'onoting'ono ngati Scenedesmus timadutsa. Timeneti mutipeze posiya botolo lina likhale phee usiku wonse, m'mawa n'kutapa za pansi.

Ndere zosambira zimasonkhanitsika mosavuta. Kulungani botolo ndi pepala lakuda, boolani kabowo kokula sentimita imodzi m'mbali, n'kuloza kaboko pazenera. Pakatha mphindi 15 kapena 20 mudzapeza kamtambo kobiriwira pakabowo, tapani pamenepo. Likhale zenera la mthunzi, chifukwa kuwala kukanyanya Volvox amathawa m'malo moyandikira.

Za kuphwanyika: kagalasi kophimbira kakakhala pa dontho kamasiya mpata wochepa kwambiri kuposa kukula kwa kampira, ndiye kampira kamaphulika. Pakani timadontho ta Vaseline pangodya zinayi za kagalasiko musanaphimbe, kuti kakhale m'mwamba pang'ono, kapena yang'anani dontho losaphimba pa mphamvu yokulitsa ka 40. Volvox ndi wachibale wake Eudorina amaoneka bwino pa 40 ndi 100. Pediastrum afuna 100 mpaka 400, Scenedesmus 400. Chepetsani kuwala kochokera pansi, apo ayi zoterera ndi timichira sizioneka. Ngati maikulosikopu anu ali ndi babu lotentha, dontho limauma m'mphindi zochepa, choncho zimitsani pamene ana akusinthana.

Botolo la zamoyo musalitseke, ndipo lisadzaze. Likhale pozizira koma powala. Mukalisiya padzuwa kapena m'chikwama chotseka, pofika mawa mudzapeza zonunkha. Tizilombo tosambira modumphadumpha tichotseni, timadya ndere zanu. Ngati mukufuna kusunga za teremu ina, donthezerani ayodini wa Lugol, pafupifupi mililita imodzi pa mamililita 100 a madzi, mpaka aoneke ngati tiyi wosalowerera, n'kusunga mumdima. Ayodini amapha ndere ndi kusintha mtundu wake, ndiye ana ayambe aona zamoyo.

Buku lina likuti Volvox ali mu Protista, lina likuti ndi chomera. Maina a Pediastrum ndi Scenedesmus nawonso akusiyana buku ndi buku. Zoona n'ziti, ndipo ndingasiyanitse bwanji mitunduyi?
*Wophunzira za usodzi ndi ulimi wa nsomba, Lilongwe*

Tiyambe ndi zimene maso angaone, popeza maina ambiri anachokera pamenepo. Funso loyamba: kagulu kakusambira kapena ayi?

Ngati kakusambira, kali m'gulu la Chlamydomonadales, lomwe mabuku akale amalitcha Volvocales, ndipo muwerenge maselo. Maselo 4 okha ndi Tetrabaena. Maselo 16 oyalana pambalambanda, 4 pakati ndi 12 mozungulira, kagulu kakumagudubuzika posambira, ndi Gonium pectorale. Maselo 16 othinana pakati pa kampira mpaka kusongoka cha mkati ndi Pandorina. Akakhala 32, obulungira, otalikirana m'mizere, ndi Eudorina. Mu mitundu yonseyi selo lililonse limatha kubala kagulu katsopano. Pleodorina ali ndi maselo 64 kapena 128, ndipo a kutsogolo ndi ang'onoang'ono osabereka. Kupitirira apo ndi Volvox. Mudzaona kuti ziwerengerozi zikungowirikiza kawiri, chifukwa kagulu konse kamachokera ku selo limodzi logawikana pawiripawiri. Samalani ndi Eudorina wamng'ono, amene maselo ake asanatalikirane amafanana ndi Pandorina. Yang'anani timagulu tingapo musanalembe dzina.

Ngati sikakusambira, kawirikawiri kali mu Sphaeropleales. Pediastrum ndi wophwathalala, wozungulira, maselo a m'mphepete ali ndi tinyanga. Maselo amakhala 8, 16, 32 kapena kuposa. Scenedesmus ndi maselo ataliatali 2, 4 kapena 8 ogundana m'mbali pamzere umodzi. Coelastrum ndi kampira ka maselo olumikizana, kopanda timichira. Magulu awiri onsewa ali mu Chlorophyceae, pansi pa Chlorophyta, gulu lalikulu la ndere zobiriwira. Botryococcus, wooneka ngati timibulu tobiriwira kapena tofiirira toyandama chifukwa cha mafuta ambiri, ali kwina, mu Trebouxiophyceae.

Tsono kusiyana kwa mabuku kwabwera ndi kuyeza DNA. Mu 1999 mitundu ya Scenedesmus yokhala ndi minga inapatsidwa dzina lakelake, Desmodesmus. Mu 2005 Pediastrum anagawidwa, moti Pediastrum simplex wa m'mabuku akale lero ndi Monactinus simplex, ndipo Pediastrum boryanum ndi Pseudopediastrum boryanum. Dzina la Volvox nalonso lili ndi vuto lalikulu. Volvox globator, Volvox rousseletii ndi Volvox capensis, omwe maselo awo amalumikizana ndi timilatho tokhuthala, sali pachibale chapafupi ndi Volvox carteri. Carteri ali pafupi ndi mitundu ina ya Eudorina ndi Pleodorina. Ndiye kuti kampira kakakulu ka maselo ogawana ntchito kanayambika kangapo, m'nthambi zosiyana. Pachifukwa chomwechi musatenge mndandanda wa Gonium, Pandorina, Eudorina, Volvox ngati agogo, makolo ndi ana. Onse alipo lero, ndi azisuweni. Kafukufuku wa mu 2009 anasonyeza kuti nthambi yawo inasiyana ndi ya Chlamydomonas, wachibale wawo wa selo limodzi, zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo. DNA yonse ya Volvox carteri itawerengedwa mu 2010, panapezeka kuti ma gene ake (tizigawo ta DNA tolamula kapangidwe ka chamoyo) ndi pafupifupi 14,500, osasiyana kwenikweni ndi chiwerengero cha a Chlamydomonas. Kukhala m'gulu sikunafune zida zambiri zatsopano, kunafuna kugwiritsa ntchito zakale mwanjira ina.

Za Protista: limenelo linali gulu loponyamo chilichonse chosakwanira bwino kwina. Asayansi a lero amaika ndere zobiriwira ndi zomera za pamtunda m'nthambi imodzi, Viridiplantae. Ngakhale Spirogyra, ulusi woterera wa m'mabuku a sekondale uja, ali pachibale chapafupi ndi zomera za pamtunda kusiyana ndi Volvox. Pamayeso tsatirani silabasi yanu, koma mu lipoti lembani dzina latsopano ndi kutchula buku limene mwagwiritsa ntchito pozindikira.

Mbali ina ya maina amenewa inachokera kuno ku Africa. G. S. West anafotokoza Volvox africanus ndi Volvox rousseletii mu 1910, ndipo Mary Pocock wa ku South Africa, yemwe anafufuza Volvox m'zithaphwi za dzikolo, anafotokoza Volvox capensis mu 1933 pamodzi ndi Florence Rich.

Chithaphwi cha kumunda kwathu chimauma gwa kuyambira mu Ogasiti. Nanga ndere zimachokera kuti mvula ikagwa?
*Mayi wa ku Mchinji*

Mayi, zimakhala zili m'dothi momwemo. Madzi akadali ambiri Volvox amabereka popanda chachimuna ndi chachikazi, monga tafotokozera pamwambapa. Chithaphwi chikayamba kuphwa madzi amatentha, ndipo kutenthako kumachititsa maselo kutulutsa mankhwala ena ake m'madzi. David Kirk ndi Marilyn Kirk anasonyeza zimenezi mu 1986 potenthetsa Volvox carteri mpaka madigiri pafupifupi 42. Mankhwalawo, ngakhale atachepa chotani, amasintha m'badwo wotsatira: timipira tina timabala mazira, tina timitolo ta umuna. Dzira likakumana ndi umuna limapanga chikopa chokhuthala, n'kusanduka lofiirira, n'kumira m'matope. Limapirira chilimwe chonse, ndipo mvula ikadzaza chithaphwi limaswa. Ena amafika ndi mphepo ya fumbi kapena m'matope omata kumapazi a mbalame.

Mutha kuyesa nokha. Palani dothi louma la pansi pa chithaphwi, supuni ziwiri, liikeni m'botolo loonekera, thiranimo madzi a mvula, n'kuika powala koma posawomba dzuwa. Yang'anani tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Sikuti nthawi zonse mudzatuluka Volvox, koma madziwo sadzakhala opanda zamoyo.

Alangizi amati madzi a m'damu azikhala obiriwira. Anga abiriwira kwambiri ndipo mamawa makumba akumabwera pamwamba akuyasama. Ndathira manyowa ambiri?
*Mlimi wa nsomba, Zomba*

Inde bambo, zizindikiro zake ndi zimenezo. Siyani kuthira manyowa lero lomwe, chepetsani madeya, ndipo lowetsani madzi atsopano m'bandakucha ngati ngalande ilipo.

Kubiriwira koyenera kumachokera ku ndere zoyandama, ndipo m'madamu othiridwa manyowa zambiri mwa izo ndi Scenedesmus, Pediastrum, Coelastrum, Pandorina ndi Eudorina. Makumba ndi chambo amazisefa m'madzi, ndipo m'mimba mwawo muli asidi wamphamvu wothandiza kuswa zikopa za maselo. Nderezi zimadyedwanso ndi tizilombo ta m'madzi tomwe ndi chakudya cha ana a nsomba. Chilunguni yekha ndiye amakonda masamba kuposa ndere. Kukhala m'gulu n'kudziteteza kwa ndere ku tizilomboto: kafukufuku wa mu 1993 anapeza kuti Scenedesmus wokhala selo limodzilimodzi akaikidwa m'madzi momwe munali tizilombo ta Daphnia, pakapita masiku ochepa amayamba kupanga timagulu ta maselo 4 mpaka 8, tovuta kumeza.

Vuto limabwera usiku. Masana ndere zimatulutsa okosijeni, koma kukada zimaugwiritsa ntchito, pamodzi ndi nsomba ndi manyowa owola pansi. Zikachulukitsa, pofika 4 kapena 5 koloko m'mawa mpweya umakhala utatha. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu motsatizana zimaipiratu, popeza masana sizinatulutse wokwanira. Ndere zikafa nthawi imodzi madzi amasanduka otuwa kapena ofiirira n'kumanunkha, ndipo apo ndi pomwe nsomba zimafa zambiri.

Muyezo wake ndi mkono wanu. Nthawi ya kummawa dzuwa litakwera, lowetsani mkono m'madzi chikhatho chitatambasuka. Chikhatho chikamazimiririka madzi atafika m'chigongono, masentimita 30 mpaka 40, zili bwino. Chikazimiririka pa masentimita osakwana 20, ndere zanyanya. Mukamachionabe madzi atapitirira chigongono, damu lili ndi njala. Muyezowu ndi wa madzi obiriwira. Madzi ofiira ndi matope amabisa chikhatho popanda chakudya chilichonse. Madzi akabwerera mwakale, yambaninso ndi zitosi za nkhuku zouma makilogalamu 2 kapena 3 pa masikweya mita 100 pa sabata, mogawa katatu, osati kukhuthula zonse tsiku limodzi. Mankhwala opha ndere a copper sulphate musawayese: ndere zakufazo zikamaola zimamaliza mpweya wotsalawo, ndipo mankhwalawo akapyola muyezo amaphanso nsomba.

M'damu langa la ana a nsomba mwamera zinthu zobiriwira zolukana ngati ukonde, ndipo tiana tikukodwamo.
*Mlimi wa nsomba, Mulanje*

Tambasulani pang'ono m'mbale ya madzi. Mukaona maso a ukonde a mbali 5 kapena 6, ameneyo ndi Hydrodictyon, wa banja limodzi ndi Pediastrum. Mbali iliyonse ya diso ndi selo limodzi, lomwe limatha kutalika mpaka sentimita. Mkati mwa selo lokhwima mumapangika timaselo masauzande tomwe timalumikizana kukhala kaukonde katsopano tisanatuluke, ndiye kachidutswa kalikonse kotsala m'damu ndi mbewu. Musamadule ndi chikwanje. Kokani pang'onopang'ono ndi reki kapena nthambi ya minga, gwedezerani m'madzi kuti tiana tituluke, n'kukataya pa kompositi kutali ndi damu. Amakonda madzi osaya, oyera, momwe dzuwa limafika pansi. Onjezerani madzi, ndipo manyowa muthire mutachotsa kaye ukondewo, apo ayi mudzakhala mukudyetsa iwo.

Pa damu lomwe ng'ombe zathu zimamwa payandama zobiriwira ngati penti. Kodi ndi ndere zomwezi, ndipo n'zoopsa?
*Woweta ng'ombe, Chikwawa*

Bambo, zimene mwafotokozazi zikutipatsa mantha, ndipo ng'ombe ziyambe zamwa kwina mpaka mutatsimikiza. Volvox, Pediastrum, Scenedesmus ndi anzawo sapanga poizoni. Koma pali zina zokhalanso m'timagulu, monga Microcystis, zomwe si ndere zobiriwira konse koma mabakiteriya otchedwa cyanobacteria. Zina mwa izo zimapanga poizoni wotchedwa microcystin, woononga chiwindi cha ziweto ndi anthu. Damu la Hartbeespoort ku South Africa lakhala likuvutika nazo kwa zaka zambiri, ndipo mu 2020 boma la Botswana linati njovu zoposa 300 zinafa ndi poizoni wa cyanobacteria.

Valani magolovesi kapena jumbo kumanja, tungani madziwo m'botolo loonekera osadzaza, n'kulisiya pozizira ndi pamdima usiku wonse osaligwedeza. Cyanobacteria ambiri ali ndi timatumba ta mpweya m'maselo, ndiye m'mawa mudzawapeza atasonkhana pamwamba. Ndere zobiriwira zosasambira zimakhala zitamira pansi. Pisaninso ndodo pa zoyandamazo: zikatuluka ngati ulusi wolendewera, ndi ndere za ulusi, zosaopsa, ndodo ikangopakika zobiriwira popanda ulusi, kayikirani. Amene ali ndi maikulosikopu athire dontho la ayodini. Sitachi wa m'ndere zobiriwira amada bii, pomwe maselo a Microcystis, ang'onoang'ono kwambiri ndi osanjikizana mopanda dongosolo kapena chiwerengero, sachita zimenezo.

Mayesowa amangokuuzani chomwe chilipo, sayeza poizoni. Malo oopsa kwambiri ndi mbali yomwe mphepo imakankhirako zoyandamazo, ndipo zouma za m'mphepete nazonso zili ndi poizoni. Kuwiritsa madzi sikuononga microcystin, choncho asamwedwe kapena kuphikira ngakhale atawira. Ng'ombe ikayamba kufooka, kudzandira kapena kutsegula m'mimba itamwa pamenepo, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo ndipo muwasungire botolo la madziwo. Kuti vutoli lisamabwerebwere, tchingani damulo kuti ndowe ndi feteleza wokokoloka m'minda zisamalowemo, ndipo ziweto muzizitungira m'chomwera chapadera.